Kapoto Kamene Kanakwera pa Nyale

Aliyense wodutsa mumsewu waukulu wa ku Kalingalinga amalidziwa phokoso la kumeneko: galayindala kulira, nyundo kugunda, moto wabuluu kuthetheka m'mbali mwa msewu. Whyson anakhala m'phokoso limenelo chichokereni kwawo ku Katete. Ankawotcherera mageti, mafelemu a mawindo ndi mbaula. Ntchito yake inali yolimba, koma geti ndi geti basi. Wogula akalikweza pagalimoto, palibe amene ankafunsa dzina la amene analipanga.

Kenako kunabwera Sophie, mayi wa ku Girisi amene amalume ake anali ndi bekale yophika buledi mu Lusaka momwemo kuyambira kalekale. Ntchito ya Sophie inali yovuta kuifotokoza. Ankatenga chinthu chimene aliyense amachidziwa n'kuchisandutsa china, choti munthu akachiona ayambe waseka kaye, kenako achifune. Anamuonetsa Whyson zithunzi pafoni: zitini za mafuta a olivi zosanduka mipando yokhala ndi makutu, ndiponso nyale yopangidwa ndi timapoto ta khofi ta zigwiriro zazitali, tooneka ngati mbalame zikujompha.

"Kapakatiko kanali ka agogo anga," anatero Sophie m'Chingelezi, akuloza pachithunzipo. "Ndikufuna tipange zonga izi, koma ndi zinthu za kuno. Dzina lanu lidzalembedwa pafupi ndi langa."

Mawu otsirizawo ndi amene anamugwira Whyson pamtima.

Anayamba ndi wilibala yakutha, naisandutsa mpando wotsamira. Mbaula anaipatsa miyendo yopindika, ikuoneka ngati yanyanyala ndipo ikuchoka panyumba. Chrispin, wowotcherera wa shedi yoyandikana, ankasuzumira pamwamba pa malata tsiku lililonse.

"Ba Whyson, mwaleka mageti manje mupanga vidoli? Mukasiliza munipangileko kamotoka ka waya, naine nisowele."

"Iwe pitiliza na mabagala ba yako ya pa mawindo," ankayankha Whyson. "Ivi ni va bantu bamene bali na maso."

Chachikulu pa zonse chinali nyale. Anasonkhanitsa mbale ndi makapu akale achitsulo, zopaka zoyera zija, nazipachika pa timasipuling'i kuti mphepo ikawomba zizigwedeza mitu ngati anthu ovomerezana pamsonkhano. Pakati, pamwamba penipeni, anasiya mphete yoti pakhale kapoto kakang'ono kozondoka, kophimba babu. Whyson anabweretsa timapoto tatsopano ta m'sitolo, koma Sophie anatikana tonse.

"Zatsopano zilibe nkhope," anatero. "Ndikufuna kamene kagwirapo ntchito m'nyumba ya munthu."

Masiku amenewo Whyson anali yekha panyumba. Mkazi wake Tionge anali ku Katete kodwazika amayi ake, ndipo anapita ndi mwana wawo Dumi. M'mawa wina akusesa kuchipinda, tsache linagunda kanthu kuseri kwa sutikesi pansi pa bedi. Ankakadziwa bwino. Kanali kapoto koyera ka mlomo wabuluu, kokulungidwa m'kansalu, kali ndi mikanda yofiira ndi yoyera pachigwiriro. Anawapatsa ndi alangizi awo, mayi Felistus, sabata la ukwati wawo. Kapoto kotero ndi ka madzi ofunda a mwamuna ndi mkazi wake chitseko chitatsekedwa. Sikaphikidwira, mwana sakagwira, mlendo sakaona, ndipo ngakhale eni akewo sakatchula masana.

Whyson anakayang'ana kukula kwake. Anaganiza zongokayesa pamphete ija kuti adziwe msinkhu woyenera, n'kukabweza Sophie asanafike. Anakaika m'chikwama.

Kanalowa pamphetepo ngati kanabadwira pomwepo. Ali chiimire kukasirira, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Ndi kameneko!"

Sophie anali atalawira tsiku limenelo. Anakatenga m'manja, kukatembenuza, kusisita pamene utoto unasupuka n'kusiya kadontho kakuda ngati kachiphuphu ka patsaya. Anagwedeza mikanda ija, akuseka ngati mwana.

"Kali ndi mkanda wake womwe! Ndi ka kwanu? Mumachitira chiyani?"

Whyson anayang'ana kumsewu. Akanayamba bwanji? Mwamuna sangaime pamsewu dzuwa likuswa mtengo n'kufotokozera mkazi wachilendo za pansi pa bedi lake. Chrispin nayenso anali atatulutsa kale mutu pamwamba pa malata.

"Ni ka tiyi," anatero Whyson.

Sophie anatulutsa cholembera, najambula kamtanda pansi pa kapotoko, pamene chingwe cha magetsi chidzadutse. Anamupatsira. Whyson anakagoneka pathabwa, natenga choboolera. Chitsulocho chinali chopyapyala, sichinalimbe n'komwe. Kulira kwake kunali kwakufupi, koma kunamutsalira m'mano tsiku lonse.

Madzulo ake anapita kumsika wa ku Mtendere kuti akagule kena kofanana nako, akaike pansi pa bedi. Ogulitsa mbale anali mayi Belinda, a mpingo umodzi ndi Tionge, ndipo pabenchi pawo panali amayi ena atatu akusenda mtedza. Timapoto ta mtundu umenewo tinali pakona, tophimbidwa theka ndi nsalu. Kumeneko amagula ndi alangizi, osati amuna.

"Ba Whyson! Mwasowa. Bamake Dumi bakalibe kubwela? Mufuna chani?"

Whyson anayang'ana pakona paja, nayang'ana amayi aja. Anagula supuni imodzi n'kubwerera.

Tionge anafika Lachisanu, chionetsero cha zimene Whyson ndi Sophie anapanga chili mawa lake. Anali wotopa ndi basi, fumbi lili m'nsidze, koma nkhani ya chionetsero anali ataimva kale, ndipo asanamasule n'katundu yemwe anayamba kuimbira foni amayi a chigwirizano a kumpingo kwawo.

"Bamake Dumi, osavutisa bantu," anatero Whyson. "Ni vinthu va bazungu chabe, va kuseka-seka."

"Awe. Zaka zonse izi banena ati mwamuna wanga ni wa mbaula. Mailo babwele baone. Na ba Felistus nabauza."

Apa mpamene pakanayenera kutuluka mawu. Whyson anatsegula pakamwa, koma Tionge anali akumwetulira, akufunsa ngati malaya ake oyera ali ochapa. Anadziuza kuti kapotoko kali pamwamba, kozondoka, ndipo kuwala kwa babu kudzathobwa aliyense m'maso. Ndani amayang'anitsitsa nyale yoyaka? Mikanda ija anali atayesa kuichotsa, koma Sophie anakana.

Loweruka bwalo la kutsogolo kwa shedi linaseseledwa n'kuwazidwa madzi. Kunabwera magalimoto a ku Kabulonga, azungu ndi anthu akuda ovala magalasi a dzuwa, akujambula chilichonse. Chrispin anavala malaya oyera, akuuza alendo kuti iye ndi Whyson anaphunzira ntchito pamodzi. Pachikwangwani panalembedwa maina awiri, la Sophie ndi la Whyson, zilembo zofanana kukula. Whyson analiwerenga dzina lakelo mobwerezabwereza.

Amayi a chigwirizano anafika atavala zitenje zofanana, Tionge ali patsogolo. Mayi Felistus, amene ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Mtendere ndipo pakamwa pawo panali posaopa munthu, anadziponya mumpando wa wilibala uja.

"Iwe Chrispin, nikankhe nipite ku msika wa Soweto! Ati mupando! Ba Whyson, mwapenga bwino."

Anthu anaseka. Mbaula yonyanyala ija inawagwetsa nazo nseko amayi onse. Wina anati ikufanana ndi apongozi ake. Tionge ankangoyang'ana mwamuna wake, maso akuwala, ndipo kwa kanthawi Whyson anaiwala.

Nyale inali m'kati mwa shedi, mmene anatchingamo ndi nsalu zakuda kuti mukhale mdima. Onse atalowa, Sophie anayatsa. Mbale ndi makapu zinayamba kugwedeza mitu, mithunzi yake ikuvina pamalata. Anthu anaomba m'manja. Ndiye Sophie anakweza dzanja nayamba kulankhula. Anati kwawo ku Girisi anaphunzira kuti chinthu chimene chatumikira anthu chimakhala ndi moyo, ndipo ntchito ya mmisiri ndi kuchilola kuti chisewere. Kenako analoza pamwamba.

"Mtima wa nyale iyi ndi kapoto ako. Sitinakagule. Kachokera m'nyumba ya Whyson ndi mkazi wake." Anayesa Chinyanja chimene anaphunzira: "Ba Tionge, bwelani! Tijambule!"

Maso onse anakwera pamwamba. Babu silinathobwe munthu. Linaunikira mlomo wabuluu uja ndi mikanda yofiira ndi yoyera, ikulendewera poyera.

Alendo a ku Kabulonga ena anaombanso m'manja. Koma kumbali ya amayi a chigwirizano kunagwa chete wolemera. Mtsikana wina wongokwatiwa kumene anagwira pakamwa. Amuna okwatira a mu Kalingalinga anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Chrispin anatsokomola chitsokomolo chimene sichinali chitsokomolo. Mayi Felistus anayang'ana mikanda ija nthawi yaitali. Paja anaitunga okha ndi manja awo.

Tionge sanakuwe. Anaitanidwa pamaso pa anthu, choncho anayenda mpaka pansi pa nyaleyo, naima pambali pa mwamuna wake, manja atawagwirizanitsa kutsogolo. Mafoni anaphethira. Whyson ankamva kupuma kwa mkazi wake, kwakufupikufupi, koma sanathe kutembenuza khosi. Kujambula kutatha, Tionge anamanganso chitenje chake, nadutsa pakati pa anthu, natuluka. Amayi awiri anamutsatira.

"Ba Whyson," anatero mayi Felistus, mosakweza mawu. "Seluzani."

Bambo wina wa hotela anali atagwira kale Sophie pamkono, akufunsa ngati nyaleyo ingagulidwe mmene ililimo. Whyson anakoka mgolo, nakwerapo anthu onse akuona. Anazimitsa babu, nayamba kumasula. Kapotoko kanali katatentha. Kanamuwotcha zala koma sanakasiye. Atatsika anapeza kuti alibe pokabisa. Anaima nako m'manja ngati mbala yogwidwa ndi nkhuku. Mayi Felistus anavula chitenje chawo chapamwamba, nakaphimba, nakalanda.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Sophie. "Whyson, ndalakwa chiyani?"

Mayi Felistus anamugwira Sophie padzanja n'kupita naye kuseri kwa shedi, kumene kunali zitsulo zadzimbiri. Sanakhalitseko. Pobwera, nkhope ya Sophie inali yofiira mpaka m'makutu.

"Munati ndi ka tiyi."

"Sivokambika, ba Sophie," anatero Whyson.

"Ndiye mwandisiya ndimuimike mkazi wanu pansi pake? Ndimujambulitse?" anatero Sophie. Anapita kwa alendo mmodzimmodzi kuwapempha kuti afufute chithunzi chija. Ena anafufuta. Ena anali atapita kale.

Tionge sanagone kunyumba. Anatenga Dumi napita kwa mayi Felistus ku Mtendere. Lamulungu Whyson sanapite kutchalitchi. Ankadziwa kuti nkhani yafika kale kumeneko iye asanafike. Lolemba m'mawa anazemba njira ya kumsewu, nadzera m'tinjira ta kuseri, koma ngakhale kumeneko mayi wina wotunga madzi pampopi anamupatsa moni wautali kwambiri, akumuyang'ana m'maso.

Anapeza mayi Felistus pakhonde akumasula belo la salaula. Tionge anali pamphasa, akupinda malaya a ana, ndipo sanadzutse mutu. Whyson anagwada pafumbi, chipewa m'manja.

"Nabwela, bamayo. Nalakwa. Nipaseni kaja nikaziveko chibowo. Nizachita bwino, sikazadontha."

Mayi Felistus anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Kuwotcherera muziba, tonse tinaona. Chibowo muzaziba. Nanga maso ya bantu yamene yanangena mukati, muzayachosa na chani? Na galayindala? Kaja kasila nchito. Nakataya kwamene sikazaonekanso."

Nkhuku inadutsa pakati pawo.

"Nenze kufuna chabe kupima," anayamba Whyson. "Manje ba Sophie banabwela, banifunsa, ine nsoni..."

"Nsoni," anatero Tionge. Aka kanali koyamba kulankhula, ndipo ankalankhulabe ndi malaya amene anali m'manja mwake. "Munamvela nsoni muzungu. Munamvela nsoni Chrispin. Ine simunanimvele. Pa Chisanu nenze kutuma foni pamenso panu, batate bake Dumi. Mumodzi-mumodzi, nabaitana neka. Munaona nasita chitenje. Munakamba chabe ati ni va kuseka-seka."

Chibowo chija Whyson ankachiganizira usiku ndi usana, koma chimene chinamupweteka mkazi wake chinali Lachisanu lija.

"Nichite bwanji?" anafunsa.

Mayi Felistus anatsegula pakamwa, koma Tionge anawatsogolera.

"Kanyowani sibazagula ba Felistus. Muzagula imwe. Kuli ba Belinda, manje-manje, pamene msika uli ozula. Osatuma muntu, osasonta na chala. Mukambe na kamwa yanu chamene mufuna, na nchito yake."

Mayi Felistus anamuyang'ana Tionge, nakweza nsidze. Mwambo sunali wotero. Koma anangobwerera ku belo lawo.

"Mwamvela," anatero.

Kuchokera pakhomopo kukafika kumsika si patali, koma Whyson anayenda ngati wasenza geti. Dzuwa linali pamutu. Pamsika anthu anali pikitipikiti, ogulitsa tomato akuitana, jenereta ya wometa tsitsi ikulira. Pabenchi pa mayi Belinda panali amayi ambiri kuposa tsiku lija, ndipo ena anali a chigwirizano.

"Taonani, ba nyale babwela," wina ananong'ona mokweza.

"Ba Whyson," anatero mayi Belinda. "Supuni inangu?"

"Awe," anatero Whyson. "Nifuna kapoto."

"Mapoto ni yambili. Ya nsima, ya ndiyo, ya tiyi." Liwu lotsirizalo analikoka, ndipo benchi lonse linagwedezeka.

"Ka kuchipinda."

"Kwezani mau, jenereta ipanga chongo."

Whyson anatseka maso. Anaona Tionge ataima pansi pa nyale, manja kutsogolo, mafoni akuphethira. Anatsegula maso.

"Nifuna kapoto ka kuchipinda. Ka manzi ya ine na mukazi wanga. Kakudala ninaononga ine, na manja yanga."

Mawuwo anafika mpaka kwa ogulitsa tomato. Mnyamata wa wilibala anaima. Kunabuka chiseko, wina analuluta, mayi wina anagwa chammbali akumenya mnzake paphewa. Whyson anaima pomwepo, thukuta likutsikira m'khosi, osathawa. Anachilola chisekocho kuti chimupitirire chonse.

Mayi Belinda ndi amene anayamba kuleka. Anadzudzula anzawo ndi diso, navundukula nsalu ya pakona ija. Anasankha kamodzi, nakagogoda ndi chala kuti amve ngati kali ndi mng'alu, nakakulunga m'nyuzipepala, kenako m'pulasitiki yakuda, namanga mfundo ziwiri.

"Aka sikakwela pa nyale," anatero pomupatsa.

"Sikazakwela, bamayo."

Atabwerera anapeza Tionge atalongedza kale chikwama chake. Nkhani inali itamutsogolera pafoni. Whyson anagwadanso napereka phukusilo ndi manja awiri. Tionge sanalimasule. Analipereka kwa mayi Felistus, amene analowa nalo m'nyumba, natseka chitseko. Patapita kanthawi anatuluka nalo litakulungidwa m'kansalu katsopano, ndipo Tionge analilowetsa pansi penipeni pa chikwama, nalitsendera ndi zovala za Dumi.

"Ba Sophie benze pano kuseni," anatero mayi Felistus. "Balila maningi. Bati pa nyale bazaikapo kapu ya bamalume bao. Yamene ni ya tiyi zoona."

Tionge sanaseke. Anabereka chikwama, nagwira Dumi padzanja.

"Tiyeni," anauza mwamuna wake. "Koma osati va kumbuyo vamene munabwelela. Tizapita mu msewu, pa shedi panu. Imwe pasogolo, ine kumbuyo. Bayambe kuona imwe."

Whyson anavala chipewa, kenako anachivulanso nachipinda m'manja. Anatsogola. Atayandikira mashedi, galayindala ya Chrispin inaleka kulira, ndi ina, ndi inanso, mitu ikutuluka pamwamba pa malata. Sanafulumize mwendo. Kumbuyo kwake ankamva mapatapata a Tionge akuomba fumbi, ndipo ankayenda akumvetsera kuti asasiye kumveka.